Ankhoswe Awiri a m'Bokosi la Pampu

Sabata yatha tinamanga chiliza cha a Damiyano, patatha chaka chathunthu chiwaikireni m'manda. Anthu anabwera ambiri kuposa tsiku la maliro, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa: pamaliro kunali mvula, pachiliza kunali mpunga. Ndikhoza kulankhula motere chifukwa ndine msuweni wawo, ndipo kwathu kuno msuweni amaloledwa kunyoza ngakhale pamanda. Mayi awo ndi bambo anga anali a bere limodzi. A Damiyano anali aakulu kwa ine ndi zaka zambiri, koma moyo wawo wonse ankandiitana kuti “mkazi wanga”, ine n'kumawayankha kuti mwamuna wonunkha waya wopsa sindimufuna. Mpunga umene anthu anadzadya tsikulo unachokera m'munda wa kalabu yathu ya amayi, ndipo pakadapanda a Damiyano mbewu yake ikadatha kalekale.

Anali wokonza wailesi pa Golomoti. Analibe sitolo, anali ndi khonde chabe kuseri kwa msika: tebulo limodzi, timipando tiwiri, ndi zitini za mkaka zosawerengeka zodzaza ndi tizipangizo tochotsa m'mawailesi akufa. Sankataya kanthu. Wailesi ikafa ankaisenda ngati mbuzi, chiwalo chilichonse m'chitini chake. Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata ku Mua, pothandiza bulaza wina wa ku mishoni amene ankasamalira injini ya magetsi, ndipo zina zonse anadziphunzitsa okha. Batire ankaliyesa ndi lilime asanatenge mita. Ndinkawauza kuti tsiku lina lilimelo lidzapsa ndipo mudzi udzapuma.

Mphamvu ya magetsi ankaitchula kuti mavoti, monga amatchulira amisiri onse akuno, ndipo mawu amenewa anawapezetsa mlandu chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri. Mkulu wina wokonda chipani chake anafuna kumva zotsatira mokweza, ndiye analumikiza wailesi yake ku batire la galimoto. Wailesi inafuka utsi. Atabwera nayo pakhonde, a Damiyano anamuuza kuti wailesiyo inkafuna mavoti asanu ndi limodzi, koma iye waipatsa khumi ndi awiri, n'chifukwa chake yapenga. Mkuluyo anamva zina. Anayenda msika wonse akulengeza kuti a Damiyano akunyoza chipani chake kuti chaba mavoti. Zinatenga anthu atatu kuti amufotokozere. A Damiyano sanapepese, ndipo kuyambira pamenepo ankakonda kunena kuti chinthu chilichonse, kaya wailesi kaya munthu, chikalandira mavoti oposa msinkhu wake chimafuka utsi.

Chimene ankadana nacho kwambiri chinali kuwononga magetsi. Ankati chipangizo chimene chimadya pamene sichikugwira ntchito n'chimodzimodzi mkamwini amene amadzuka nthawi ya chakudya yokha. Anakanganapo ndi wotsogolera kwaya kwa miyezi, chifukwa chosiya chokuzira mawu chili choyaka nthawi ya ulaliki pamene palibe woimba. Masola atafika m'midzi, anasanduka wapolisi wa mabatire a anthu. Akalowa m'nyumba mwanga, moni asanapereke, ankayamba azula tchaja chimene ndasiya pakhoma chopanda foni. Zinkandipweteka mutu, koma batire langa linakhala zaka zambiri kuposa la aliyense m'mudzi mwathu, ndipo sindinawauzepo.

Pali nkhani ina imene pabanja pathu sitinkaitchula, koma popanda iyo simungawamvetse. Kale, zipani zisanachuluke, a Damiyano anakonda mkazi wa ku Mtakataka, Abiti Omari, wa banja lachisilamu. Kwathu ukwati umamangidwa ndi ankhoswe awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, ndipo ndi iwo amene amakhala pansi pakabuka mkangano. Kuchikazi anaimirira a mjomba ake a mkaziyo, ndiko kuti amalume ake, Che Sudi, munthu wofatsa wosoka maukonde. Kuchimuna anayenera kuimirira amalume awo a Damiyano, amene ndi bambo anga, a Petulo. Bambo anakana. Anati sangapereke mwana wa mlongo wawo ku chipembedzo china, ndipo analetsa wina aliyense wa mbumba yathu kupitako. Awiriwo anakwatiranabe, ndi nkhoswe imodzi.

Anakhala zaka zinayi. Kenaka panabuka mkangano wa m'nyumba, wamba ndithu, umene mabanja ena amathetsa masana amodzi. Che Sudi anakwera njinga kuchokera ku Mtakataka, anakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu kudikira mnzawo wa kuchimuna. Bambo anatenga khasu n'kupita kumunda. Che Sudi anabweranso kachiwiri, anabweranso kachitatu. Mlandu wa banja sukambidwa ndi mbali imodzi, choncho ulendo wachitatuwo anamutenga Abiti Omari, mwana wa mlongo wawo, n'kubwerera naye. Ndinali mtsikana, ndipo ndine ndinawapatsa madzi akumwa maulendo onse atatu. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbuka mmene ankathokozera. A Damiyano sanakwatirenso. Sanawatukwanepo bambo, wailesi yawo ankaikonza ndikawapititsira, ndipo pamaliro awo ananyamula nawo bokosi. Koma bambo sanapondepo pakhonde paja mpaka imfa yawo.

Tsopano za mpunga. Zaka zingapo zapitazo bungwe lina linapatsa kalabu yathu pampu ya sola yokoka madzi m'chitsime. Ife tili kunja kwa sikimu ya Bwanje, ngalande sizifika kwathu, ndiye pampuyo inatithandiza kufesa nazale mvula isanabwere, kuti ikangogwa tiwokere msanga. Chaka chimenecho ndinali wapampando. Tinafesa mbewu yonse ya kilombero imene tinasunga, osasiyako ngakhale kambale kamodzi, chifukwa tinkakhulupirira pampu. Mbande zitafika kutalika ngati chala, m'kati mwa kutentha kwa Novembala, pampu inaima. Bokosi lake loyendetsera linkanunkha ngati a Damiyano.

Aka kanali kachiwiri. Koyamba bungwe linasintha bokosi lonse, ndipo latsopanolo ndi limene linapsanso. Ndinaimbira injiniya wa bungwelo, a Tadala, mayi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula mwachindunji. Anafika tsiku lotsatira pa njinga yamoto, ananunkhiza bokosi, n'kundiuza kuti lina lifika pakatha masabata atatu.

“Mbande sizidziwa sabata, a injiniya,” ndinatero. “Zimadziwa lero ndi mawa.”

“Ndikumva, amayi, koma ine sindingalitsekule. Mukuona kapepala aka? Kakang'ambika, amene anatigulitsa sadzatipatsanso lina. Mudzakhala opanda pampu mpaka kalekale.”

Amayi anali atayamba kale kutunga ndi ndowa. Chitsime n'chakuya, nazale ndi yaikulu, ndipo dzuwa la kuno limamwa madzi ndowa isanabwerere. M'mphepete mbande zinali zitayamba chikasu. Ndinatuma uthenga ku Golomoti. A Damiyano anafika masana pa njinga yawo yakale, mita ili m'thumba la shati, ndipo anayamba ndi kundinyoza kuti ndimawakumbuka zinthu zikapsa zokha. Kenaka anapempha a Tadala chithunzi cha mmene mawaya a m'bokosilo anayendera. A Tadala anawayang'ana kuyambira kumapazi, koma anawaonetsa pafoni. A Damiyano anavala magalasi awo omanga ndi waya, anayang'ana nthawi yaitali, ndipo anafunsa ngati zimene zimapsa ndi maswitchi aakulu amene amapereka magetsi ku pampu.

“Ndi amenewo, bambo. Mwadziwa bwanji?”

“Chifukwa banja ili analimanga ndi nkhoswe imodzi.”

Ine ndinadziwa banja limene ankanena. A Tadala sanadziwe kanthu, anangoseka. A Damiyano anathyola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi, amayi atazungulira ndi ndowa zawo. Anati m'bokosimo muli mabanja awiri. Lina ndi kabodi kakang'ono koganiza, kamene kamalankhula monong'ona, mavoti atatu okha. Lina ndi maswitchi aakulu, ogontha, amene samva kanthu pokhapokha uwakuwire ndi mavoti khumi ndi awiri. Kabodi kamawauza kuti tsekulani, tsekani, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo pampu imayenda ndi mawu amenewo. Awiriwa sangalankhulane okha. Wamkulu samumva wamng'ono, ndipo wamkulu akayankha mwachindunji wamng'ono amapsa. Pakati pamafunika wonyamula mawu. Opanga bokosilo anaikapo thiranzisita imodzi, kaswitchi kakang'ono koyendetsedwa ndi magetsi, ndi lezisita imodzi, lezisita kukhala kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi. Mawu akuti tsekani ankafika msanga, koma akuti tsekulani ankakwawa kudutsa mu lezisita ija. Nthawi yonse imene mawu ali m'njira, maswitchi ankakhala otseguka theka, n'kumatentha. Kuonjezera dzuwa la kuno, ankapsa.

A Tadala anasiya kuseka. Anati vutolo alimva, ndipo mankhwala ake ndi kuika lezisita yaing'ono kuti mawu azithamanga.

“Azithamangadi,” anatero a Damiyano, “koma nkhoswe yanuyo idzakhala yosusuka. Izidya magetsi ngakhale pamene palibe mawu onyamula. Kabatire ka m'bokosimu katha, ndipo m'mawa pampu izikana kudzuka. Mukaichepetsera chakudya ichedwa, mukaifulumizitsa idya. Nkhoswe imodzi ndi choncho, mwana wanga. Ikani awiri.”

Anajambula mathiranzisita awiri pamwamba, wina kuchimuna wina kuchikazi, aliyense atagwira dzanja la mnzake, ndi ena awiri pansi olandira kunong'ona kwa kabodi. Wina akaimirira amamukhazika mnzake pansi. Mawu akasintha, wokhalayo amaimirira, woimirira n'kukhala. Palibe nthawi imene njira ya magetsi imakhala yotseguka pachabe, ndiye amadya pa kamphindi kosinthana kokhako. Ndipo popeza aliyense amakankha mnzake, mawu onse awiri amafika mofulumira.

A Tadala anagwada n'kuyang'anitsitsa chojambulacho. “Izitu tinaphunzira ku koleji. Zili m'mabuku, ndi mmene amapangira m'kati mwa mafoni. Munaziwerenga kuti?”

“Sindinawerenge. Kapena amene analemba mabukuwo anakwatirapo.”

Onse awiri anatembenukira kwa ine, chifukwa kapepala kaja kanali kakadali pabokosi, ndipo wapampando ndinali ine. A Tadala ananena mosabisa kuti zikakanika, iwo sadzatha kutiteteza. A Damiyano nawo sanalonjeze kanthu. Anangoti ayesa. Ndinayang'ana amayi anzanga, palibe amene anafuna kukumana nane maso. Ndinaganiza za pampu, ndinaganiza za mbewu imene tinaisankha ndi manja zaka zambiri, ndipo ndinene zoona, ndinaganizanso za munthu wina wa m'banja lathu amene anatenga khasu n'kupita kumunda pamene ankafunika. Ndinachotsa chipini cha kumutu n'kung'amba kapepalako.

A Tadala akadatha kukwera njinga yawo n'kubwerera. Sanatero. Ananyamula bokosi n'kutsatira a Damiyano ku Golomoti, ndipo anakhala pa kampando kachiwiri kaja masiku awiri. Ine ndinkapita ndi chakudya masana, kwinaku ndikuthawa maso a amayi amene misana inali itathyoka ndi ndowa. Maswitchi aakulu anawachotsa mu invata yakufa ya sola. Mathiranzisita aang'ono anawazula pa bodi la laputopu imene mphunzitsi wina anataya zaka zapitazo. Tsiku limenelo ndinasiya kunyoza zitini za mkaka.

Kuyesa koyamba kunakanika. Ndinafika n'kuwapeza a Damiyano akuyamwa chala chimene anapsa nacho, nkhope ili gwa. Ankhoswe awo awiri ankalimbana. Nthawi yosinthana ikafika, woimirira ankakana kukhala, ndipo onse ankatentha. A Damiyano anasintha mathiranzisita kawiri, osathandiza, ndipo anayamba kukalipira aliyense wodutsa. Amene anapeza vuto anali a Tadala. Analemba masamu kuseri kwa katoni, n'kunena kuti apamwambawo ndi amphamvu kuposa apansi, choncho apansi akulephera kuwagwetsa. Pafunika kuwafooketsa pang'ono, ndi kuika olimba pansi. A Damiyano anakana kwa ola lathunthu, chifukwa kuvomera kunali kovuta kwa iwo ngati kumeza mwala. Kenaka anachita zimene anauzidwa, ndipo kutentha kunatha. Anavula magalasi n'kunena pamaso panga kuti mayiyu wawaphunzitsa chinthu: nkhoswe ikakhala yamakani kuposa eni banja, imapasula. M'moyo wanga wonse ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akuvomera kuti wina wawaposa. Zoti ankanena za ndani, sindinafunse.

M'mawa wa tsiku lachitatu a Damiyano anabwera nalo okha bokosi, atalimanga ndi mphira kumbuyo kwa njinga. Kabodi kawo katsopano anakamangirira pa chidutswa cha ndowa yosweka ya pulasitiki. A Tadala analumikiza mawaya. Dzuwa litafika pamasola, pampu inang'ung'udza, paipi inatsokomola mpweya, kenaka madzi anatuluka. Amayi anaimba nthungululu, ena anakhala pansi m'matope momwemo. A Damiyano sanayang'ane madzi n'komwe. Anaika chala pa maswitchi n'kukhala choncho mpaka dzuwa litafika paliwombo, kudikira kuti atenthe. Sanatenthe. Mbande za m'mphepete zinali zitafa kale, koma zambiri zinadzuka, ndipo mvula itagwa tinawokera munda wonse kupatula ngodya imodzi.

Ndinanyada tsiku limenelo, ndipo ndikunyadabe. Munthu amene anthu ankamuona ngati wotola zinyalala pamsika anakonza chimene opanga ake anachilakwitsa kawiri. A Tadala analemba zoona zonse ku bungwe lawo, ndipo ndikudziwa kuti anakalipiridwa chifukwa cha kapepala kaja. Pambuyo pake ankabwera ku Golomoti ndi mabokosi a midzi ina, ndipo awiriwa ankakangana pakhonde ngati munthu ndi mdzukulu wake. Ine a Damiyano anandilipiritsa ndi mawu. Kwa zaka zonse zotsala ankauza anthu kuti mkazi wawo uyu anathyola chidindo cha azungu ndi chipini cha kumutu.

A Damiyano anadwala mwezi umodzi wokha. Ali m'chipatala ankadandaula kuti anamwino amasiya magetsi oyaka masana.

A Tadala anabwera pachiliza. Mwambo utatha anandipempha kuti tipite kuchitsime akaone kabodi kaja, chifukwa mvula yayandikira ndipo ankafuna kupukuta fumbi. Anatsekula bokosi, anamasula chidutswa cha ndowa chija, n'kuchitembenuza kuti aone ngati kunsi kwalowa chinyezi. Anati kunsiko sanakuonepo, popeza a Damiyano anamangirira okha m'mawa uja. Kenaka anandiitana.

“Amayi, pali mayina apa. Awa ndi ndani?”

A Damiyano anawalemba ndi nsonga ya chowotcherera, zilembo zazing'ono zopsa m'pulasitiki, lililonse kunsi kwa thiranzisita yake. Kumanzere kunali SUDI. Kumanja kunali PETULO.

Ndinakhala pa mwala wa pachitsime n'kulira kuposa mmene ndinalirira pamaliro. A Damiyano sanathe kuwakhazika bambo anga pansi pa mtengo wa mango, ndiye anawaika m'bokosi la pampu, moyang'anana ndi munthu amene anawadikira katatu. Ndipo anawafooketsa pang'ono kuti azimvera. Nditapukuta misozi, ndinawauza a Tadala kuti amenewo ndi ankhoswe a banja lina la kwathu, ndipo abwezeretse mmene zinalili.

Dzulo ndinadutsa pa Golomoti. Khonde lija palibe amene walitenga. Zitini anagawana amisiri a mafoni, tebulo likadalipo ndi mabala ake a chowotcherera, ndipo pakhoma pali msomali umene ankapachikapo mita. Timipando tiwiri tija mwini nyumba anatikankhira pakona, kena pamwamba pa kanzake. Ndinatitsitsa, ndinatipukuta ndi chitenje, n'kutiika moyang'anana monga ankachitira eni ake. Ndinakhala pa kamodzi. Inali nthawi imene dzuwa limafika pamasola kwathu, ndipo ndinadziwa kuti kuchitsime bambo anga aimirira, Che Sudi akhala, Che Sudi aimirira, bambo anga akhala, ndipo madzi akupita ku nazale. Kampando kenako ndinakasiya kopanda munthu.